Shemu Joyah: katswiri woyeza malo amene anaika milandu ya anthu osauka pa kanema

Charles Shemu Joyah ndi mmodzi mwa akatswiri okonza mafilimu odziwika kwambiri m'dziko la Malawi. Pakati pa chaka cha 2008 ndi 2017 iwo analemba ndi kutsogolera mafilimu atatu aatali, omwe ndi Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, ndipo onse atatu anapata mphoto kunja kwa dziko lino.

A Joyah anakonza mafilimuwa paokha kudzera ku kampani yawo ya FirstDawn Arts, popanda kukhala pansi pa boma kapena pansi pa kampani yaikulu ya mafilimu. Ntchito yawo imadziwika chifukwa chosabisa nkhanza, umbanda ndi milandu imene imagwera anthu osauka, makamaka amayi ndi atsikana. Mwa mafilimu atatuwo, awiri nkhani yake imakafika m'bwalo la milandu, pomwe munthu wopanda dzina amayang'anizana ndi mphamvu za munthu wachuma.

Kubadwa, maphunziro ndi ntchito

A Joyah anabadwira m'dziko la Zimbabwe, komwe Amalawi ambiri ankapita kukagwira ntchito m'migodi, m'minda ya azungu ndi m'mizinda pa nthawi ya atsamunda. Atabwera kuno kumudzi anaphunzira ku Yunivesite ya Malawi, ndipo pambuyo pake anakhala katswiri woyeza malo.

Luso lokonza mafilimu analiphunzira okha, powerenga ndi poonera ntchito za ena. Ntchito yoyeza malo ndi imene inawathandiza kupeza ndalama zoyambira, chifukwa m'dziko muno munalibe thumba la boma lothandiza okonza mafilimu pa nthawi imene iwo ankayamba.

Kupatula mafilimu, a Joyah ndi mlembi wa nkhani zopeka, ndipo anasindikiza buku lotchedwa Madam Diseh. Luso lolembali limaonekera m'mafilimu awo, omwe nkhani zake amalemba okha.

Momwe zinthu zinalili iwo asanayambe

Dziko la Malawi linachedwa kuyamba ntchito yokonza mafilimu poyerekeza ndi maiko ena a mu Africa. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi wa Dr Hastings Kamuzu Banda munalibe wailesi ya kanema m'dziko muno, ndipo lamulo la m'chaka cha 1968 lotchedwa Censorship and Control of Entertainments Act linapereka mphamvu ku bungwe la boma zounika ndi kuletsa mabuku, zisudzo, nyimbo ndi mafilimu.

Kanema amene anthu ambiri akumudzi ankamudziwa anali wa magalimoto a boma, omwe ankayenda m'maboma kuonetsa zaulimi, zaumoyo ndi zachitukuko. Wailesi ya kanema yoyamba, Television Malawi, inayamba kuulutsa mapulogalamu ake m'chaka cha 1999.

Chifukwa cha ichi, luso la zisudzo linakulira pa nsanja ndi pa wailesi ya MBC. Magulu monga Wakhumbata Ensemble Theatre la malemu Du Chisiza Jr ndi Kwathu Drama Group anasula anthu ambiri ochita zisudzo. Pofika zaka za m'ma 2000, mafilimu a ku Nigeria anadzaza m'misika ndi m'nyumba zoonetsera vidiyo, ndipo Amalawi ambiri amene anayamba kujambula mafilimu ankatsanzira a ku Nigeria kapena kungojambula sewero la pa nsanja ndi kamera imodzi.

A Joyah analowa m'ntchitoyi ndi cholinga chokonza filimu yomwe ingapikisane ndi ya dziko lina lililonse pa kajambulidwe, kamvekedwe ka mawu ndi kalembedwe ka nkhani.

Seasons of a Life, 2008

Filimu yawo yoyamba yaitali, Seasons of a Life, inatuluka m'chaka cha 2008. Nkhani yake ndi ya mtsikana wamasiye dzina lake Sungisa, amene analembedwa ntchito yolera mwana pakhomo pa banja lina lopeza bwino lomwe linali ndi vuto losabereka.

Bambo wa pakhomopo, Kondani, akugona ndi mtsikanayo mogwiritsa ntchito mphamvu zake ngati bwana, mpaka kumupatsa pathupi. Pofuna kubisa manyazi akumuuza kuti achotse mimbayo, koma Sungisa akukana. Mwana atabadwa akukathera m'manja mwa banja lomwelo, pomwe Sungisa akupeza mwayi wobwerera kusukulu mpaka kukhala loya. Patapita zaka iye akubwerera kudzamenyera mwana wake m'bwalo la milandu.

Flora Suya ndi amene anasewera ngati Sungisa, Bennie Msuku ngati Kondani, Neria Chikhosi ngati mkazi wake Thoko, ndipo Tapiwa Gwaza anasewera ngati Tabitha.

Mlandu wa m'filimuyi ulibe mfuti kapena zigawenga. Ndi mlandu wa m'nyumba, womwe umachitikira atsikana ambiri ogwira ntchito zapakhomo m'mizinda ya dziko lino ndipo kawirikawiri sufika kupolisi, chifukwa wolakwiridwayo amadya ndi kugona pakhomo pa womulakwira. Filimuyi inatuluka patangopita zaka ziwiri Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la m'chaka cha 2006, komanso lamulo losamalira ndi kuteteza ana la m'chaka cha 2010 lisanabwere.

M'chaka cha 2009 filimuyi inalandira mphoto ku chionetsero cha mafilimu cha Zanzibar International Film Festival m'dziko la Tanzania. M'chaka cha 2010, pa mpikisano wa Africa Movie Academy Awards womwe unachitikira mumzinda wa Yenagoa ku Nigeria, Tapiwa Gwaza anapambana mphoto ya mayi wosewera bwino pa gawo lothandizira.

The Last Fishing Boat, 2012

Filimu yachiwiri, The Last Fishing Boat, inatuluka m'chaka cha 2012 ndipo nkhani yake ikuchitikira m'mphepete mwa nyanja ya Malawi m'boma la Mangochi. Ikukamba za msodzi wotchedwa Yusufu, amene kale anali wopeza bwino koma chuma chake chikulowa pansi chifukwa nsomba zachepa m'nyanja.

Mwana wake Mustafa wasiya usodzi ndipo akuperekeza alendo odzaona malo, ena mwa iwo akugona nawo kuti apeze ndalama. Mkazi wachitatu wa Yusufu, Abiti Anefa, akusiriridwa ndi mlendo wachizungu amene akufuna kumukopa ndi ndalama, zomwe zikubweretsa kukayikirana ndi mkangano waukulu m'banjamo.

Malemu Hope Chisanu anasewera ngati Yusufu, ndipo Flora Suya anasewera ngati Abiti Anefa. Filimuyi inakhudza nkhani zomwe anthu ambiri sakonda kuzikamba poyera, monga mitala, kugonana kwa amuna okhaokha komanso uhule umene umatsagana ndi ntchito zokopa alendo.

Ngakhale kuti nkhaniyi sikufika kukhoti, funso lake ndi lofanana ndi la filimu yoyamba: kodi munthu wosauka amatsala ndi ufulu wotani pa thupi lake akakumana ndi munthu wandalama? Kuchepa kwa nsomba komwe filimuyi ikuonetsa n'koona, chifukwa chambo chinayamba kusowa kwambiri kummwera kwa nyanja ya Malawi ndi m'nyanja ya Malombe kuyambira zaka za m'ma 1990.

M'chaka cha 2013 filimuyi inapambana mphoto ya nyimbo zabwino za m'filimu pa Africa Movie Academy Awards. Nyimbozo anapeka ndi woimba wa m'dziko muno Agorosso.

The Road to Sunrise, 2017

Filimu imene inawatchukitsa kwambiri a Joyah pa nkhani za umbanda ndi The Road to Sunrise, yomwe inatuluka m'chaka cha 2017. Nkhani yake ikuchitikira m'makwalala ndi m'madera a anthu osauka a mumzinda wa Blantyre, ndipo ikutsatira amayi awiri oyendayenda, Rubia ndi Watipa, omwe akulimbana ndi umphawi, nkhanza za amuna ndi chitonzo cha anthu.

Tsiku lina Rubia akukana kugona ndi munthu wina wabizinesi wolemera kwambiri. Bamboyo akumuchita nkhanza, ndipo podziteteza Rubia akumubaya mpaka kumupha. Apolisi akumumanga ndi kumutsegulira mlandu wakupha.

Mlanduwo ndi umene wanyamula mafunso aakulu a filimuyi. Bwalo likuyenera kuona ngati mayi woyendayenda ali ndi ufulu wokana mwamuna, komanso ngati mawu ake angakhulupiriridwe pomwe womwalirayo anali munthu wolemekezeka pamaso pa anthu. Mirriam Phiri anasewera ngati Rubia, ndipo Chantelle Phiri anasewera ngati Watipa. Anthu a m'filimuyi akulankhula Chichewa ndi Chingerezi.

A Joyah sanakometsere moyo wa amayiwa ndipo sanawaweruze. Woonera akulowa m'malo omwera mowa, m'zipinda zogona alendo ndi m'nyumba zalendi, kenako akukhala m'khoti kumva momwe moyo womwewo ukufotokozedwera ndi maloya.

Filimuyi ndi malamulo a dziko lino

The Road to Sunrise inatuluka pa nthawi yomwe makhoti a m'dziko muno ankapereka zigamulo zikuluzikulu zokhudza amayi oyendayenda. Malamulo a dziko la Malawi saika kugulitsa thupi pakokha m'gulu la milandu, koma kwa zaka zambiri amayiwa ankamangidwa pogwiritsa ntchito ndime zina za malamulo a milandu.

M'chaka cha 2015 bwalo lalikulu la milandu mumzinda wa Blantyre linagamula kuti kunali kuphwanya ufulu wachibadwidwe kukakamiza amayi ena, omwe anamangidwa m'boma la Mwanza m'chaka cha 2009, kuyezetsa magazi kuti aone ngati ali ndi kachilombo ka HIV.

M'chaka cha 2016 bwalo lalikulu ku Zomba linafafaniza chigamulo cha amayi 19 a m'boma la Dedza, omwe anapezeka olakwa pansi pa ndime 146 ya malamulo a milandu. Bwalolo linati ndimeyi inakhazikitsidwa pofuna kulanga anthu odyera masuku pamutu amayi oyendayenda, osati amayiwo.

M'mwezi wa Januwale chaka cha 2017, bwalo lalikulu linagamulanso kuti gawo lina la ndime 184, lomwe anthu amalidziwa ndi dzina loti vakabu, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Gawoli ndi limene apolisi ankaligwiritsa ntchito pomanga anthu opezeka panja usiku, ndipo ambiri mwa omangidwawo anali mavenda ndi amayi oyendayenda.

Motero filimu ya a Joyah inafikitsa kwa anthu wamba mafunso omwe oweruza milandu anali atangowayankha kumene m'zigamulo zolembedwa m'Chingerezi, zomwe anthu ochepa okha ndi amene amaziwerenga.

Kusiyana kwake ndi mafilimu ena a umbanda mu Africa

Maiko angapo a mu Africa atulutsa mafilimu otchuka onena za umbanda wa m'mizinda. Ku South Africa kunatuluka Tsotsi ya Gavin Hood m'chaka cha 2005, yomwe inapambana mphoto ya Oscar m'chaka cha 2006, komanso Jerusalema ya Ralph Ziman m'chaka cha 2008. Ku Kinshasa kunachokera Viva Riva! ya Djo Tunda Wa Munga m'chaka cha 2010, ndipo ku Kenya kunatuluka Nairobi Half Life ya Tosh Gitonga m'chaka cha 2012.

Mafilimu onsewa amatsatira mnyamata kapena bambo amene walowa m'gulu la mbava ndi zigawenga, ndipo muli mfuti, kuthamangitsana ndi kulimbirana ndalama.

A Joyah anasankha njira ina. M'mafilimu awo wolakwa weniweni nthawi zambiri ndi munthu wovala bwino, wokhala ndi nyumba ndi galimoto, pomwe nkhani ikutsatira mayi amene walakwiridwa kapena amene akuzengedwa mlandu. Nkhondo yaikulu imachitikira pamaso pa woweruza, ndipo chida chake ndi umboni.

Mphoto za 2018 ndi ulendo wa ku Oscar

M'mwezi wa Seputembala chaka cha 2018, The Road to Sunrise inapambana mphoto ya filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards mumzinda wa Lagos. Aka kanali kachiwiri kuti mphotoyi ibwere ku Malawi, chifukwa m'chaka cha 2016 Joyce Mhango Chavula anaipata ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe. M'chaka chomwecho cha 2018 filimu ya a Joyah inasankhidwanso kupikisana nawo m'magawo angapo pa Africa Movie Academy Awards.

M'chaka chomwechi dziko la Malawi linatumiza The Road to Sunrise ku mpikisano wa nambala 91 wa Academy Awards m'dziko la America, pa gawo la mafilimu a zilankhulo zina zosakhala Chingerezi. Aka kanali koyamba m'mbiri kuti dziko lino litumize filimu ku mpikisanowu. Maiko 87 anatumiza mafilimu awo chaka chimenecho, ndipo Malawi ndi Niger ndi omwe anali atsopano.

Filimuyi sinafike m'ndime yomaliza, ndipo mphotoyo inapita kwa Roma ya ku Mexico pa mwambo womwe unachitika m'mwezi wa Febuluwale chaka cha 2019. Komabe kutumizidwako kunaika dzina la Malawi pa mndandanda wa maiko okonza mafilimu.

Vuto la msika ndi chitsanzo cha ku Kasungu

Mphoto zakunja sizinathetse vuto lalikulu la okonza mafilimu oima paokha m'dziko muno, lomwe ndi kusowa kwa msika wobweza ndalama zomwe alowetsa. Nyumba zenizeni zoonetsera kanema zakhala zochepa kwambiri, moti mafilimu atsopano kawirikawiri amakhazikitsidwa m'mahotela ndi m'maholo a misonkhano a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, komwe mtengo wolowera sungafikiridwe ndi anthu ambiri.

Boma la Kasungu likupereka chithunzi chabwino cha vutoli. M'malo ochitira malonda a m'bomali monga Chinkhoma, komwe kuli msika wa fodya, Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, anthu okonda kanema alipo ambiri, koma amaonera m'nyumba za vidiyo kapena pa foni. Mafilimu amawapeza kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'makadi pa mtengo wochepa, ndipo mwini filimu salandirapo kanthu. Lamulo loteteza luso la m'chaka cha 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, limaletsa mchitidwewu, koma kuugwira kumadera kwakhala kovuta.

Ku Kasungu komweko ndi komwe kunajambulidwa filimu yotchuka ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002. Filimuyi anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, ndalama zake zinachokera kunja, ndipo inafika padziko lonse kudzera pa Netflix m'chaka cha 2019.

Ngakhale kuti nkhani yake ndi ya ku Kasungu, mawu ambiri ndi a Chichewa ndipo Amalawi monga Lily Banda anasewera nawo, filimuyi inapita ku Oscar poimira dziko la Britain, patangotha chaka chimodzi The Road to Sunrise itaimira Malawi. Mafilimu awiriwa akusonyeza kuti nkhani ndi luso zilipo m'dziko muno, ndipo kusiyana kwake kuli pa mwini ndalama ndi njira yofikitsira filimu kwa oonera.

Omwe atsatira njirayi

Ena mwa anthu omwe anasewera m'mafilimu a a Joyah anapitiriza ntchitoyi paokha. Flora Suya, mwachitsanzo, anakonza filimu yake yotchedwa My Mother's Story.

Achinyamata enanso atenga nkhani za m'misewu ndi za milandu. Gift Sukez Sukali anatsogolera Fatsani: A Tale of Survival, yonena za mtsikana wogulitsa malonda mumsewu amene akukumana ndi nkhanza komanso zotsatira za katangale. M'chaka cha 2021 filimuyi inakhala yachiwiri kutumizidwa ndi dziko la Malawi ku Academy Awards. M'chaka cha 2025 kunatulukanso Welcome to Maula Prison, yoonetsa moyo wa kundende, yomwe anthu ambiri anaionera pa intaneti.

A Joyah nawo anatembenukira ku mbiri ya dziko lino. Kwa zaka zambiri iwo akhala akufunafuna ndalama zokonzera filimu yaitali yonena za mbusa John Chilembwe, amene anatsogolera kuukira atsamunda m'chaka cha 1915. Filimu yotere imafuna ndalama zambiri kuposa za m'mizinda ya lero, chifukwa pamafunika zovala, nyumba ndi zida za nthawi imeneyo, komanso khamu la anthu osewera.

Mafilimu atatu a pakati pa 2008 ndi 2017 ndi amene akhazikitsa dzina la a Joyah m'mbiri ya kanema wa dziko lino. Kudzera mwa Sungisa, Abiti Anefa ndi Rubia, oonera a ku Zanzibar, Lagos ndi madera ena anaona mtsikana wantchito, mkazi wa msodzi ndi mayi woyendayenda a ku Malawi ali eni nkhani, ndipo okonza mafilimu achinyamata anaona kuti filimu yolembedwa ndi kujambulidwa kuno kumudzi ingathe kupikisana ndi ya dziko lina lililonse.